Zala za Mango pa Buku la Mbuzi

Tiyamike mwana wanga,

Lero sindikutchula kuti amake Takondwa ayi. Ulemu umenewo ndimakupatsa mtima wanga ukakhala m'malo, ndipo lero suli m'malo. Lero ndiwe Tiyamike basi. Wapita ku boma m'mamawa kukalukitsa tsitsi la ulendo, ndipo malukidwe anu a masiku anowa amadya tsiku lonse, choncho nthawi ndili nayo. Ana ako awiri agona pamphasa pafupi nane pano pakhonde, mimba pamtunda, ine ndikulemba thukuta likudontha papepala. Kutentha kwa Salima mwezi uno wa Novembala ukukudziwa wekha, ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasaa.

Kalatayi ndikupatsa mawa pokwera minibasi ya ku Lilongwe. Usaitsegule msanga. Udikire basi yaikulu ya ku Joni idutse chipata cha ku Dedza, pamene sungathenso kutsika kuti udzandikalipire. Ndasankha kulemba chifukwa ndikayamba kuyankhula pakamwa, ndisanafike n'komwe pakati umati, "Amayi mwayambapotu," kenaka maso pafoni. Pepala lokha sungalidule mawu.

Nkhani yake ndi ya mabuku a zithunzi asanu ndi limodzi aja unagulira ana ku Lilongwe. Kugula unachita bwino, ndipo tsiku limene unandionetsa ndinasangalala mpaka ndinakaphera ana nkhuku. Koma masabata atatu amene mwakhala kuno kudzatsanzika, mabukuwo aona dzuwa kangati? Lililonse lili m'pulasitiki yake, onse ali pansi penipeni pa sutikesi, sutikesi ndi yokhoma, ndipo ili pamwamba pa kabati ya zovala. Ukuti akafike nawo kwa bambo awo ali atsopano. Kodi bambo ake a Takondwa ndi amene akuphunzira kuwerenga? Ndipo ukati utulutse limodzi, mwambo wake umaposa wa mgonero kutchalitchi. Mwana asambe m'manja ndi sopo, apukute, akhale pampando msana uli chilili, buku ugwire ndiwe, iye aloze ndi chala koma chalacho chisakhudze pepala. Akaphonya liwu, "Bwereza." Akayang'ana chithunzi, "Usayang'ane mbuziyo, yang'ana mawu." Mwana wa zaka zisanu, Tiyamike, woti sukulu sanayambe n'komwe!

Za Lachiwiri lapitali sindinaziiwale, ngakhale ndinakhala chete. Foni yako italira unasiya buku la mbuzi yokwera minibasi lija patebulo, Takondwa n'kulitenga kupita nalo pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi mlongo wake Dalo. Ndinkawaona pawindo la kukhitchini. Ankadya mango, akutembenuza masamba, akuseka mpaka Dalo anagwa chagada. Iwe utatuluka n'kuona kachidindo kachikasu ka chala pamimba pa mbuziyo, unakuwa ngati nyumba yapsa. Unam'menya padzanja, n'kulanda buku, n'kuyamba kulipukuta ndi nsonga ya chitenje ngati khanda lagwa m'matope. Kuyambira tsiku limenelo, ukangokhudza zipi ya sutikesi mwanayo amati, "Amami, mutu ukundipweteka." Mwana wothamanga padzuwa tsiku lathunthu mutu osamupweteka, lero ukumupweteka chifukwa cha pepala. Ichi ndi chimene chikundidetsa nkhawa. Ukupita naye kutali komwe sindingamuone, ndipo ndikuopa kuti akakula akuthawa buku monga galu amathawira munthu wotola mwala.

Usaganize kuti ndikuyankhula ngati munthu woyera. Ndikuyankhula ngati munthu amene anaponda kale pamene ukupondapa, n'kuterereka.

Tamvera za kabati ya kusukulu. Nditangotumizidwa kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndili mtsikana wa nsapato zogogoda, anandipatsa Sitandade 1 pasukulu ina ya kufupi ndi Maganga. Chaka changa chachitatu kunabwera katoni ya mabuku a zithunzi, mphatso ya anthu ena akufuna kwabwino. Ndinali ndisanaonepo zinthu zokongola chotero. Mapepala onyezimira, fungo lake lokoma, nkhuku zofiira, mabwato, amayi osenza mitsuko. Ahedi anati, "Aphunzitsi, inu ndinu aukhondo, kiyi wa kabati musunge ndinu." Ndinayang'ana manja a ana a m'kalasi mwanga, ena onunkha usipa, ena a chinangwa chootcha, ena a mamina, ndipo ndinati ayi, manja awa asayandikireko. Ndinakhoma kabati. Ndinkati ndidzatulutsa akadziwa kuwerenga, koma akadziwa kuwerenga ankapita Sitandade 2, ine n'kulandira ena a manja akuda. Zaka ziwiri zinatha choncho. Kiyi ndinkayenda naye pachingwe m'khosi ngati mendulo, ndipo Lachisanu lililonse ndinkapukuta kabatiyo kunja kwake kokha.

Tsiku limene tinamva kuti kukubwera oyendera sukulu, ahedi anati titulutse mabuku aja tiwayale patebulo kuti alendo aone. Ndinatsegula ana onse akuonerera. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mwanga munali chiswe. Chinalowera kumbuyo komwe kabati inatsamira khoma, n'kumanga mudzi wake momwemo. Ndinanyamula buku loyamba, m'manja n'kutsala chikuto chokha, zam'kati zonse dothi, waa pansi. Lachiwiri chimodzimodzi, mpaka lomaliza. Kamtsikana kena kokhala kutsogolo kanatola kachidutswa komwe panatsala mutu wa tambala, n'kufunsa kuti, "Madamu, ndingatenge aka?" Kanakasunga m'thumba la yunifolomu teremu yonse, n'kumaonetsa anzake pa nthawi yopuma. Chiswe chinawerenga mabuku onse aja kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ana a anthu osagwirako ngakhale limodzi. Mpaka lero ndikakumbuka manyazi amandigwira. Ndiye iwe ukubwera m'nyumba mwanga ndi sutikesi yokhoma ndi mapulasitiki, ukuganiza kuti mtima wanga uchita bwanji? Mwana um'patse buku m'manja, Tiyamike. Buku lodetsedwa ndi zala za mwana ndi limene lagwira ntchito yake.

Ndikanakhala kuti ndinatolapo nzeru, bwenzi zili bwino, koma ayi ndithu, ndinangosintha kalakwidwe. Utabadwa iwe ndinalumbira kuti mwana wa mphunzitsi sangalowe Sitandade 1 asakudziwa kuwerenga. "M'mera mpoyamba," ndinkatero, n'kumadziona wanzeru. Uli ndi zaka zisanu, nyengo yotentha ngati inoyi, anzako akudutsa pamsewu ndi zigubu kupita kokasambira, iwe ndinkakukhazika pampando m'chipinda cha malata chotentha ngati uvuni, rula pambali. Ukayang'ana pawindo, rula patebulo, phwaa! Ukaphonya liwu ndinkati, "Kodi maso akowo ndi okongoletsera nkhope?" Ukukumbuka? Ndikudziwa kuti ukukumbuka. Unadziwadi kuwerenga usanayambe sukulu, ndipo ndinkakuonetsa kwa alendo ngati mbuzi ya pachionetsero cha zaulimi. Tsiku lina aphunzitsi anzanga atatu atabwera kudzamwa thobwa, ndinakuitana kuti uwawerengere. Unaima pakati pa balaza, buku m'manja, mawu osatuluka. Ndinakutsina pamkono mwakabisira uku ndikumwetulira alendo. Unadzikodzera pomwepo. Alendo anayang'ana kudenga, ndipo ine ndinakukwiyira chifukwa cha manyazi anga, osaganiza n'komwe za ako.

Mayeso onse unakhoza, sindikana. Koma tandiuza zoona, chilembereni mayeso ako omaliza unatsegulapo buku lanji mwa kufuna kwako? Nyumba ino yadzaza mabuku, koma masabata atatu onsewa sunasuzumiremo ngakhale limodzi, kupatula tsiku lija unatenga lina n'kumadzikupiza nalo. Ndinakuphunzitsa kuwerenga, ndipo patebulo lomwelo ndinakuphunzitsanso kudana nako. Zonse ziwirizo ndinachita ndine, palibe wina woti ndimunamizire.

Amene ankachita bwino anali malemu bambo ako, ndipo ndinkawakalipira chifukwa cha chimenecho. Munthu wokonza njinga pamsika, sukulu analekera panjira. Loweruka m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, ankakuba mwakachetechete, n'kukukweza pakaliyala, ulendo wa kunyanja. Mukamabwera iwe mchenga uli mbwee m'tsitsi, diresi lonyowa, m'manja zigoba za nkhono. Ine pakhomo manja m'chiuno: "Bambo ake Tiya, mwana akufunika kubwereza zilembo, inu mukukamusambitsa!" Iwo ankangoti, "Pepani aphunzitsi, lero tajomba," n'kumaseka. Loweruka lina ndinakulondolani kuti ndikakulande. Ndinakupezani mutagwada pamchenga wonyowa, iwo akulemba T wamkulu ndi chala, iwe ukufulumira kulemba wako funde lisanafike. Funde likafufuta unkakuwa ndi chimwemwe, "Lembaninso ababa, lembaninso!" Panalibe wokuuza kuti bwereza, unkapempha wekha. Dzina lako lonse unalilemba koyamba pamenepo, ine ndikuonera nditabisala kuseri kwa bwato. Ndinabwerera osadzionetsa, koma kunyada kunandiletsa kuvomera, moti tsiku lomwelo masana ndinakukhazikanso pampando uja. Bambo ako anatisiya ndisanawauze kuti mphunzitsi weniweni m'nyumba muno anali iwo, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Ndiye tamvera. Kumene mukupitako akuti nakonso miyezi ino ndi yotentha, ndipo nyumba yake ndi zipinda ziwiri za pamwamba. Nyanja kulibe, ndikudziwa, koma beseni ukalipeza. Ukathiremo madzi, ana avule, alowemo, amwaze mmene angafunire. Pansi pamauma, palibe amene anamangidwapo chifukwa cha simenti yonyowa. Ukawapatse kapu ndi supuni aziphika madzi awo, nawenso ukaviikemo mapazi, tsitsi lolukalo silisungunuka. Ndakuikira malambe m'chikwama chaching'ono, ukawaviike, uthire shuga, uumitse m'firiji m'timapepala monga tinkachitira kuno, ana akayamwe madzi ake akutsikira m'zigongono. Akatopa ndi madzi, ukayale chitenje pamthunzi uliwonse umene ungaupeze, ubwere ndi buku. Nyengo zotentha zimene mwana amafuna kusewera ndi amake ndi zowerengeka. Posachedwapa Takondwa adzayamba kukutsekera chitseko, ndipo udzazifuna osazipeza. Ine zanga ndinazithera pa rula.

Ndipo foniyo! Apa pokha ndiye umandiimitsa mutu. Ukafuna mpata wocheza ndi amuna ako kapena wogona, umawapatsa foni kuti aonere makatuni. Foni yodula, ya galasi, amaigwira ndi manja omwewo a mango ndi chiponde, osawasambitsa, osawakhazika pampando wowongoka, osawafunsa mafunso pamapeto pake. Buku lokha ndiye lopatulika? Mwana si wopusa. Akuona yekha kuti chinthu china chimabwera ndi mtendere, china chimabwera ndi mbama. Ukuganiza kuti asankha chiti? Mwana um'patse buku m'manja monga umam'patsira foniyo, ndipo ukhale naye pambali.

Ngakhale sabata yathayi ndinalakwanso, nkhalamba ine, ndipo sindinakuuze. Tsiku lija unapita kukatsanzika azakhali ako ku Chinguluwe, unandisiyira buku la mbuzi lija ndi malamulo ake khumi. Ndili pakhonde ndi ana, kunabwera Abiti Juma, a nyumba yoyandikana nafeyi, ogulitsa usipa aja, kudzabwereka sefa. Ukudziwa kuti sukulu sanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Ataona buku anakhala pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kulitenga. "Mashala, taonani mbuzi iyi! Yakwera minibasi ngati munthu. Kondakitala akuti, mayi mutsikira pati? Mbuzi ikuti, meee, mundisiye pamsika wa nsomba, amuna anga abwera lero kuchokera ku chilumba cha Mbenji!" Ana a m'nyumba zoyandikana anathamangira kuno, khonde linadzaza, kuseka kokhakokha. Takondwa anatsamira pamwendo pawo kukamwa kuli pululu. Ndiye uphunzitsi unandikwera. Ndinati, "Abiti, si zimene zalembedwa pamenepo. Palembedwa kuti mbuzi yakhala pampando." Ana anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Abiti anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu werengani tinyerere tanu takudato, ine ndiwerenga mbuziyo. Walahi, mbuziyo ndikuiona ndi maso angawa, ndipo ili ndi nkhope ya munthu wokalandira amuna ake."

Ndinayang'ana chithunzicho, ndipo analidi ndi mfundo, mbuziyo inali ndi nkhope imeneyo. Ndinapepesa, ndinaitana ana aja kuti abwerere, Abiti anapitiriza mpaka mbuzi inakafika ku Mbenji n'kubwerako ndi dengu la utaka, zimene mwini kulemba bukulo sanaziloteko. Atachoka ndi sefa yawo, Takondwa anabwera kwa ine yekha, popanda womuitana, n'kufunsa kuti, "Agogo, nanga liwu loti mbuzi lili pati?" Ndinamuonetsa kamodzi. Anatembenuza masamba onse akulisakasaka, ndipo akalipeza ankalumpha, "Iyi! Inanso iyi!" Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa Sitandade 1 sindinaonepo mwana akugwira liwu msanga chotero. N'chifukwa chake Lachiwiri lija anathamangira buku lomwelo ataliona patebulo. Sankafuna kukuonongera katundu, ankakasaka mbuzi zake kuti amuonetse Dalo.

Choncho ukamawerenga nawo, uwakhazike pamiyendo, osati pampando. Buku agwire okha. Akafuna kuyambira kumapeto, ayambire kumapeto. Akafuna buku lomwelo kakhumi pa tsiku, uwerenge kakhumi, ngakhale likukole ngati nyama ya mafuta. Mbuzi ukaipatse mawu a mbuzi, kondakitala mawu a kondakitala, usakawerenge ngati ukulengeza za maliro pawailesi. Uziima n'kufunsa kuti, "Ukuganiza kuti ichita chiyani tsopano?" ndipo yankho lililonse ulilandire. Akaphonya liwu, uzingolitchula bwino iweyo n'kupitirira, dziko silitha. Dalo ali ndi zaka zitatu, adzatafuna ngodya za masamba, umusiye, ndiwo mawerengedwe a msinkhu wake. Tsamba likang'ambika pali selotepi. Ndipo mukakapeza mabuku a Chingerezi kumeneko, zithunzi zake uziwafotokozera m'Chichewa monga anachitira Abiti, kuti podzabwera kuno adzathe kucheza ndi agogo awo popanda womasulira.

Zonsezi mwina ndikanazimeza, n'kukusiya upite ndi mapulasitiki ako, pakanapanda za dzulo. Iwe ukuchapa kumpopi, ndinamva mawu kuseri kwa khola la nkhuku, ndipo ndinapita kukasuzumira. Takondwa anali atamukhazika Dalo panjerwa, patsogolo pake atayala chikatoni cha sopo ngati buku, iye kamtengo m'manja. "Werenga!" Dalo anaseka, akuyesa masewera. Kamtengo pansi, phwaa! "Bwereza! Usayang'ane kumbali!" Dalo anasiya kuseka. Kenaka mdzukulu wanga anaika dzanja m'chiuno, anakwinya nkhope, n'kunena kuti, "Kodi maso akowo ndi okongoletsera nkhope?" Dalo analira.

Tiyamike, mawuwo ndinawazindikira. Mawu amenewo sanawamve kwa ine, ndinawasiya kalekale. Anawamva kwa iwe, ndipo iwe unawamva kwa ine. Make mbuu, mwana mbuu. Ndinawapeka ndekha m'chipinda chotentha chija, ndinkayesa kuti anathera momwemo, koma dzulo ndawamva akutuluka m'kamwa mwa mwana wa zaka zisanu, ndi kaimidwe kanga komwe, ndi dzanja langa lomwe m'chiuno. Ndipo mawa akuti akwere basi apite nawo ku Joni. Ndinati ayi, katundu ameneyu ndi wanga, atsale kuno.

Ndiye tamva zimene ndachita lero, ukwiye bwinobwino kamodzi. Utangotuluka pageti ndinakwera pampando, ndi mawondo angawa, n'kutsitsa sutikesi. Kiyi umabisa m'nsapato yako yofiira. Usadabwe, ndinakubala ndine. Ndatulutsa mabuku onse asanu ndi limodzi, ndawavula mapulasitiki, ndipo mapulasitikiwo ndawapatsa Abiti Juma kuti azikulungiramo usipa. Ndinayala mphasa pansi pa mango, ndinatunga beseni la madzi, ndinathyola mango a kalisere odzaza mbale, n'kuitana ana.

Dalo anabwera chothamanga. Takondwa anaima patali, manja kumbuyo. Anati, "Agogo, mutu." Ndinati, "Chabwino, usawerenge, bwera udzangodya mango." Anati, "Amami akwiya." Mtima wanga unasweka. Ndinasenda mango ndi mano monga timachitira, ndinayamwa mpaka madzi ake anafika m'chigongono, kenaka ndi dzanja lomwelo ndinatsegula buku la mbuzi pa tsamba lomaliza, pamene pali malo oyera, n'kudindapo chala changa chachikulu, ndii. Mwanayo anagwira pakamwa. "Agogo, mwalakwa!" Ndinati, "Eya, ndalakwa dala. Amako akalipire ine, ndine wamkulu." Anayang'ana kugeti, anayang'ana ine, anasendera pang'onopang'ono. Anatenga mango, analuma, n'kudinda chake pambali pa changa, mofulumira ngati wakhudza moto. Dalo sanachedwe ndi za chala chimodzi, iye anadinda chikhatho chonse.

Tawerenga kuyambira pamenepo mpaka nthawi ya chakudya. Akatenthedwa ankalowa m'beseni, akazizidwa ankabwerera ku mabuku. La mtsikana wa ndowa yofiira lanyowa pangodya, la ng'ombe zowoloka mlatho Dalo walilawa, lina lang'ambika pang'ono ndipo ndalimata. Takondwa wapeza mbuzi zake zonse, ndipo wapezanso yekha kuti liwu loti madzi limayamba ndi chilembo chofanana ndi cha mbuzi. Anandigwedeza mkono kuti ndione, ngati watola ndalama panjira. Za mutu sanazitchulenso. Mmene ndikulemba pano wagona buku lili kunsi kwa tsaya lake, ndipo ndidikira mpaka atembenuke kuti ndilichotse.

Mabuku asanu ndiwabwezera pansi pa sutikesi usanafike, kiyi m'nsapato yofiira, ndipo sudziwa kanthu mpaka kalatayi. Ukakafika, usakawaike pamwamba. Ukawaike pansi, m'dengu kapena m'katoni, pamene Dalo angafikire popanda kupempha. Amuna ako akakafunsa kuti bwanji mabuku atsopano ali chonchi, ukawauze kuti apongozi awo apenga ndi dzuwa la ku Salima, sindidandaula.

Tsopano chimene chandivuta kulemba kuposa zonse. Ndakhala ndikukukwiyira masabata atatu, koma pamene ndimakuyang'ana ukulanda buku m'manja mwa mwana ndimadziona ndekha, ndiye mkwiyo wambiriwo ndi wa ine mwini. Sindinakupepesepo za rula uja, kapena za tsiku la alendo lija, kapena za Loweruka lililonse limene ndinakudikira pakhomo ndi nkhope yokwinya iwe ukuchokera kosangalala ndi bambo ako. Ndinkati mayi sapepesa mwana, ndiponso unakhoza mayeso, ndiye palibe mlandu. Mlandu ulipo. Pepa, Tiya. Unali mwana wabwino, unkangofuna kupita kukasambira.

Buku lachisanu ndi chimodzi, la mbuzi lija, silili m'sutikesi. Ndiliika m'kachikwama kakumsana ka Takondwa, pamodzi ndi mango awiri, ndipo mudye musanafike pachipata china angakulandeni. Tapangana naye kuti asalitulutse mpaka akuone ukupinda kalata ya agogo. Wandifunsa katatu kuti, "Nanga akandimenya?" Ndamuuza kuti sumumenya. Ndalonjeza m'malo mwako, Tiyamike, usandisandutse wabodza kwa mdzukulu wanga.

Ndiye pukuta m'maso, upinde pepalali, utembenuke. Akukuyang'ana, dzanja lili pa zipi. Akalitulutsa, umunyamule umukhazike pamiyendo, buku agwire yekha, akuonetse mbuzi zake. Mukafika pa tsamba lomaliza upezapo chala changa, chala chake, ndi chikhatho cha Dalo. Pakona yakumanja takusiyira malo. Mango ali m'chikwama momwemo.

Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni, ndipo mukafika undiimbire.

Ndine mayi ako,
wotopa ndi kutentha, wokwiya pang'ono, koma wako yemweyo.